Ulendo wa Lackson mu mtsuko wa uchi

Anthu akandifunsa kuti ku Mangalande ndinkagwira ntchito yanji, ndimangoyankha kuti ya m'sitolo. Ndikanena zoona amaseka. Ndinkakulunga mitsuko yopanda kanthu m'mabulangete, kuikweza m'vani, kukaitsitsa kumsika, madzulo n'kuikulunganso. Mkazi ndi ana ndinawasiya ku Chiradzulu kuti ndizikalera mitsuko ku Leicester, ndipo msana wanga mpaka lero sunandikhululukire.

Sikuti ndinayambira pamenepo. Poyamba ndinkanyamula makatoni m'maweyahausi monga aliyense wofika kumene, ndipo n'kumene ndinadziwana ndi Lackson. Anali wa ku Tsangano, munthu wamtali, wa mapazi aakulu, woseka ndi thupi lonse. Tonse awiri mapepala athu anali atatha kalekale, choncho tinkayenda motsamira khoma, kuopa ngakhale yunifolomu ya woyendetsa basi. Tinkachita lendi chipinda chimodzi ku Braunstone, m'nyumba ya mayi wina wa ku Zambia amene ankayatsa hita pokhapokha kukabwera alendo. Tinkagona ovala majekete.

A Karimu ndinakumana nawo m'butchala ku Spinney Hill. Ndinali pamzere ndikudandaula ndekha m'Chichewa za mtengo wa nyama ya mbuzi, ndiye kumbuyo kwanga ndinangomva mawu akuti, "Ndipo mbuzi yake yosakoma. Ya ku Lunzu ija ndiye inali mbuzi." Potembenuka ndinapeza mmwenye wokalamba, ndevu zoyera, kachipewa kumutu. Anabadwira ku Limbe, bambo awo anali ndi sitolo, ndipo anachoka ku Malawi ali mnyamata. Chichewa chawo chinali chakale, cha kuseri kwa kauntala. Anandifunsa za kwathu, anandiyang'ana manja, n'kunena kuti akufuna munthu wodziwa kunyamula zinthu mosathamanga.

Sitolo yawo inali kachipinda kopapatiza, mashelefu mpaka kudenga, monsemo mitsuko. Mitsukoyo inali yadothi loyera losalala, longa la makapu aja amayi amasungira alendo m'kabati. Ina inali ya maluwa abuluu, ina ya mizere yagolide, uliwonse ndi chivundikiro chake ndi dzina la mankhwala lolembedwa pamimba m'Chilatini. Kale, mapiritsi asanabwere, ogulitsa mankhwala kumeneko ankasungiramo mizu, makungwa, ufa ndi mafuta. Masiku ano olemera amaigula n'kuiika pashelefu kuti azingoiyang'ana.

Lackson atabwera kudzaona kumene ndikugwira, anayenda m'sitolomo manja ali kumbuyo, n'kupukusa mutu.

"Ndiye azungu nawonso anali ndi nsupa zawo, achimwene? Ife ankatiuza kuti titaye zathu, iwo zawo akuzipukuta fumbi."

A Karimu anaseka mpaka kutsokomola. Kuyambira tsiku limenelo Lackson akapanda shifiti ankabwera kudzamwa tiyi wa mkaka wambiri, awiriwo n'kumakangana za mbatata ya ku Tsangano ndi njanji ya ku Limbe.

Ntchitoyo inali ndi malamulo ake. Mtsuko sunyamulidwa ndi chivundikiro, umaugwira pansi ndi pakhosi. Chivundikiro umachikulunga pachokha. Tsiku loyamba ndinaona mitsuko ina yakuda m'kati, ina yathimbirira, ndiye ndinatenga sopo ndi waya wotsukira mapoto kuti bwana aone kuti walemba munthu waukhondo. A Karimu anandigwira mkono ndisanayambe.

"Litsiro limenelo ndi limene tikugulitsa," anatero. "Ukautsuka ukhala watsopano, ndipo watsopano palibe amaufuna."

Ndinaika waya pansi. Kwathu mkazi wosatsuka mtsuko amasekedwa pachitsime, koma kwa eni umavina mmene ng'oma ikulirira.

Misika yake inkachitikira m'mabwalo aakulu kunja kwa matauni, cha ku Newark ndi kwina, m'matope ndi mphepo. Amalonda a zinthu zakale ndi mtundu wawokha. Amabwera ndi mavani otopa, zala zofiira ndi kuzizira, aliyense akuyang'ana tebulo la mnzake ndi diso la m'mbali. Akatenga mtsuko amaugogoda ndi chikhadabo kuti amve ngati uli ndi mng'alu, amaununkhiza m'kati, amautembenuza kuona pansi, kenako amaubweza ndi nkhope yonyansidwa ngakhale mtima uli dyokodyoko. Mtsuko uliwonse unali ndi mbiri yake. Uwu unachokera kwa masisitere ku France, uwu unali wa dokotala wa mfumu. Mtsuko wina wa khosi lalitali ndinauona ukusintha kwawo kangapo m'chaka chimodzi, malinga ndi amene waugula. A Karimu nawo ankathirako mchere pang'ono, kupatula Lachisanu, tsiku lopita kumzikiti.

Ine ndinkangoima kumbuyo kwa tebulo, mapazi atafa dzanzi, kudikira nthawi yokulunga. Zimene ndinkapeza ndinkatumiza kumudzi. Nyumba imene ndinkamanga inakwera mpaka m'mawindo n'kuima, chifukwa nthawi zonse kunkabuka china: fizi, matenda, feteleza, maliro. Zaka zinkangodutsa, mitsuko yomweyomweyo, mabulangete omwewo.

Lackson anayamba ndi chifuwa. Ndinkamuuza kuti apite kuchipatala, iye n'kumati akamufunsa mapepala ayankha chiyani, komanso akajomba a ejensi omwe ankamupezera ntchito apereka shifiti yake kwa wina. Ankangomwa mandimu ndi jinja n'kumapita kuntchito. Pamene anagwa pasitepe ya basi n'kutengedwa ndi ambulansi, madokotala anapeza kuti matenda adya kale mapapo. Mapepala aja palibe anawafunsa tsiku limenelo.

Ndinkapita kukamuona ndikaweruka. Munthu wamtali uja anatha, pabedi panangotsala mapazi. Tsiku lina anandigwira dzanja.

"Achimwene, musandisiye kuno."

"Mukuopa kuzizira? Kwanu ku Tsangano n'kozizira kuposa kuno," ndinatero pofuna kuti aseke.

"Kuzizira kwa kwathu kumandidziwa. Kuno ndigona ndi ndani? Mukandiike kwathu, kumene kuli anthu anga. Mwamva?"

Ndinavomera. Sindinkadziwa kuti ndidzachita bwanji, koma ndinavomera, ndipo sabata isanathe anatisiya.

Maliro n'kulirana. Amalawi a ku Leicester ndi ku Nottingham anasonkhana m'holo ya tchalitchi, manesi, osamalira okalamba, anzathu a m'maweyahausi, ena atavala yunifolomu chifukwa akuchokera kuntchito. Anaimba, anasonkha. Koma chaka chimenecho tinali titatumiza kale maliro ena kumudzi, ndipo m'matumba mwa anthu munali mutauma. Kukweza thupi la munthu m'ndege ndi ndalama zoopsa. Tinadikira, tinapemphanso, sizinakwane ngakhale theka. Akumochale nawo sakanamusunga mpaka kalekale. Panatsala njira ziwiri: kumuika m'manda konko, kapena kumuwotcha kuti phulusa lake lipite kwawo.

Ndinaimbira foni mchemwali wake, Esinati. Analira nthawi yaitali, kenako anati akauza amalume awo, amene ndiwo mwini mbumba. Yankho linabwera tsiku lotsatira, ndipo Esinati analinena monong'ona.

"Akuti munthu si zinyalala zoti n'kuwotcha. Akuti mukamuwotcha mukhale naye konko."

"Nanga amayi akuti bwanji?"

"Amayi sitinawauze zimenezo. Angodziwa kuti anamwalira, ndipo akudikira thupi."

Ndinakhala masiku ndikulimbana nazo. Inenso ndinakula ndikudziwa kuti munthu amasambitsidwa, amaonedwa nkhope, amagona m'dothi wathunthu. Kuwotcha ndinkakuopa ndi mtima wanga wonse. Koma Lackson sanandipemphe kuti akhale wathunthu, anandipempha kuti apite kwawo. Pepala loti awotchedwe ndinasaina ndine.

Kumalo owotcherako tinapitako ochepa, chifukwa ambiri mwa anzathu anati sangathe kuona zimenezo, ndipo sindikuwaimba mlandu. Panalibe moto woti tiuone. Tinaimba nyimbo imodzi, katani inatsekeka yokha, basi. Patapita masiku anandipatsa chigubu chapulasitiki chobiriwira, chili m'kachikwama kapepala. Ndinakwera nacho basi kupita kuntchito, chifukwa tsiku limenelo tinali ndi katundu woti tikulunge, n'kuchiika pansi pa kauntala.

A Karimu anachiona. Iwo ndi Msilamu, ndipo kwa iwo kuwotcha munthu n'koletsedwa kuposanso kwa ife. Ndinkayembekeza kuti andiuza kuti ndichitulutse m'sitolo mwawo. Koma anangokhala pampando, akuyang'ana chigubucho.

"Ndi Lackson ameneyu?"

"Ndi iyeyo, bwana."

Anadzuka, anakoka makwerero, n'kuyamba kukwera okha, munthu amene ankadandaula mawondo ngakhale pokwera m'vani. Ndinati ndikwere ine, anandikaniza. Anayang'ana mitsuko ya pashelefu yapamwamba, akuwerenga mayina, n'kutsitsa waukulu, woyera, wa masamba abuluu kuzungulira dzina lake.

"Munthu sapita kwawo m'chigubu," anatero akupuma movutika. "Yambiri iyi munkakhala ziphe ndi mankhwala otsegula m'mimba, sitingamuike mmenemo. Uwu munkakhala uchi."

Ndinawauza kuti mtsuko umenewo sindingaukwanitse, mtengo wake ndinkaudziwa.

"Ndani wakuuza za mtengo? Bambo anga ku Limbe kasitomala wakale sankamulola kuchoka wopanda basela. Wamwa tiyi wanga zaka zonsezi ameneyu." Anadziwa kuti wopita naye kumudzi ndine. "Ukudziwa kuti iwe ukatuluka m'dziko muno sadzakulolanso kulowa?"

"Ndikudziwa."

"Watopa?"

"Ndatopa, bwana."

Tinatulutsa thumba la phulusa limene linali m'chigubumo n'kuliika mumtsuko, a Karimu akunong'ona pemphero la kwawo, ine la kwathu. Chivundikiro tinachimata ndi tepi. Ndinaukulunga bwino kuposa mtsuko uliwonse umene ndinakulungapo, ndipo ndalama zimene anthu anasonkha zija zinagula tikiti yanga.

M'ndege chikwama chimene munali mtsukowo chinali pamapazi anga ulendo wonse. Nditatsika pa Chileka ndinayamba ndapita kwathu ku Chiradzulu. Ana amene ndinawasiya akuyamba sukulu ndinawapeza ali ndi mawu aakulu, ndipo anandipatsa moni wa alendo, wogwira chigongono. Mkazi wanga anandilandira bwino, koma atamva chimene chili m'chikwama anabwerera m'mbuyo.

"Zimenezo m'nyumba muno ayi, bambo. Muli ana muno."

Sindinakangane naye. Ndinatenga mphasa n'kukagona m'nyumba yosatha ija, yopanda denga, mtsuko uli pambali panga. Ine ndi Lackson tinali titazolowera kale kugona chipinda chimodzi chozizira.

Ku Tsangano ndinapita pa basi mpaka pamphambano, kenako pa lole ya mbatata yobwerera yopanda katundu. Msewu wake ndi wa mabampu okhaokha, ndipo ndinakumbatira chikwama njira yonse. Esinati anali atauza anthu kuti Lackson akufika tsiku limenelo, koma analibe mtima wowauza kuti akufika motani. Lole itaima pafupi ndi mudzi, amayi amene anasonkhana pabwalo anayamba kulira mokweza, amuna ena n'kuthamangira kumbuyo kwa lole kuti akatsitse bokosi. Anapeza matumba opanda kanthu. Ndinatsika ndekha ndi chikwama changa, lole n'kupitirira. Kulira kuja kunayamba kuzilala pang'onopang'ono mpaka kunangoti zii. Pa zonse zimene ndinaona m'zaka zimenezo, palibe chinandilemera ngati kuyenda kuchoka pamsewu kufika pabwalo lija, maso onse ali pa ine.

Anandiyalira mphasa. Ndinapereka moni, ndinafotokoza za matenda, za chopereka chosakwana, za pempho la malemu. Kenako ndinamasula bulangete n'kuimika mtsuko pamphasa. Unkawala padzuwa, woyera mbee, pakati pa fumbi ndi makasu. Mayi wina kumbuyo ananong'ona kuti mwina ndi mphatso ya anamfedwa, mnzake n'kumugunda ndi chigongono.

Amalume a Lackson anali munthu wochepa thupi, wa jekete lakuda, ndipo sanakweze mawu.

"Bambo, mwayenda ulendo wautali, tikuthokoza. Koma ine ndinanena. Tisambitsa chiyani apa? Nkhope tiona pati? Tidziwa bwanji kuti muli mwana wathu mmenemu, osati phulusa la mzungu wina kapena la nkhuni? Ndipo zolembedwa pamimbapo zikuti chiyani?"

"Zikuti uchi," ndinayankha, ndipo ndinamva ndekha kupusa kwa yankho langa.

"Uchi," anabwereza amalumewo, akuyang'ana anthu. "Kumanda kwathu kumagona anthu. Chinthu chosadziwika sitingachilowetse, mawa ana akayamba kudwala mudzakhala muli kwanu inu."

Ndinatulutsa zikalata za kuchipatala ndi za kowotchera, koma palibe anazigwira. Akuluakulu anapita pambali kukakambirana, anabwera, anapitanso. Adzukulu, amene anali atakonzeka kukakumba manda, anatsamiritsa makasu awo pankhokwe n'kukhala pansi. Dzuwa linapendeka. Ine ndinangokhala pamphasa paja ndi mtsuko wanga, njala ndi mkwiyo zili pamodzi. Amalumewo sindinkawada, chifukwa mafunso awo ndi omwe inenso ndinkadzifunsa ku Leicester. Ndinkangoganiza kuti ndataya ntchito, ndataya dziko lija, ndawotcha mnzanga, ndipo mapeto ake ndibwerera naye ku Chiradzulu kuti azikakhala m'nyumba yopanda denga.

Nthawi yonseyi mayi ake a Lackson, a Nangozo, anali m'nyumba ndi amayi anzawo, kudikira kuti bokosi lilowe. Ataona kuti silikulowa anatuluka okha, atagwira khoma. Anali okalamba kwambiri, maso atachita nkhungu.

"Esinati, mwana wanga ali kuti? Galimoto ndinaimva kalekale."

Esinati anagwada pafupi nawo n'kuwauza zonse, akulira. Mayiwo anamvetsera osagwedezeka. Kenako anati awaperekeze pamphasa. Anakhala pansi moyang'anana ndi ine, anatambasula manja n'kuupeza mtsuko. Anaupapasa kuyambira pachivundikiro mpaka pansi. Sanafunse kuti titsegule.

"Ndinu amene munali naye?"

"Ndine, mayi."

"Ananena yekha kuti abwere kuno?"

"Ananena yekha."

Anaunyamula ndi manja awiri, n'kuukweza pang'ono, kuutsitsa, kuukwezanso. Anakhala nawo pamiyendo kanthawi. Atatero anauza Esinati kuti awapatse chitenje. Anadzuka movutika, anawerama, n'kuuza mwana wawoyo kuti awaike mtsukowo kumsana. Esinati anazengereza, koma anachita. Mayiwo anakulunga chitenje, anamanga mfundo pachifuwa, n'kuweramuka.

"Achemwali, mukutani kodi?" anafunsa amalume aja.

"Inu mwati nkhope simunaione, achimwene. Ine ndamudziwa kulemera kwake. Ndi mmene ankalemerera tsiku limene ndinatuluka naye m'chikuta."

Anatembenuka n'kuyamba kuyenda kulowera kumanda, pang'onopang'ono, dzanja limodzi litagwira pansi pa mtsuko kumbuyo. Palibe anawaletsa. Esinati anawatsatira, kenako amayi ena anadzuka mmodzimmodzi, wina n'kuyambitsa nyimbo. Adzukulu anayang'anana, anatola makasu awo n'kuthamanga kudzera m'munda kuti akafike patsogolo. Amalume anatsala pampando kanthawi, kenako anavula chipewa n'kubwera m'mbuyo mwathu.

Manda anali asanakumbidwe, ndipo dothi la kumeneko ndi louma. Anthu anawayalira a Nangozo chitenje kuti akhale pansi, ena anapempha kuti awalandire katunduyo, koma anakana. Anaima pamthunzi wa mtengo, akumugwedeza pang'onopang'ono kumsana, mpaka adzukulu anamaliza kukumba.